Galimoto itatifera pa msewu wopita ku likulu latsopano la Egypt

Boma la Egypt likumanga likulu latsopano m'chipululu, makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa Cairo, ndipo wofuna kukaliona ayenera kuchita hayala galimoto yolimba ndi kunyamula madzi akumwa ochuluka. Ine ndinapangana ndi dalaivala wina wachikulire wa ku Shubra, dera lina la mu Cairo, kuti andiyendetse tsiku lonse pa mapaundi a ku Egypt 1,200, mtengo umene sunali wokwera kwa mlendo popeza kuyambira mu Marichi 2024 dola imodzi inkagula mapaundi pafupifupi 50.

Titadutsa New Cairo pa msewu wolowera ku Suez, nthunzi inayamba kufuka pansi pa boneti chifukwa paipi ya madzi a rediyeta inali itang'ambika. Tinaima m'mbali mwa msewu wotakata kwambiri dzuwa lili paliwombo, ndipo panalibe mtengo wa mthunzi, golosale, ngakhale munthu woyenda pansi, koma mchenga ndi zikwangwani zikuluzikulu zotsatsa nyumba zodula. M'kati mwa Cairo galimoto ikangozima anthu amakhala akuzingani kale, wina ndi malangizo, wina ndi sipanala, koma kumeneko magalimoto ankangodutsa ndi liwiro. Patapita nthawi yaitali panaima lole yonyamula simenti ndipo munatuluka anyamata awiri a ku Sohag, kummwera kwa dzikolo. Wamkuluyo anangoti, “Ya osta, tapatukani tione,” (osta ndi mmene amaitanira dalaivala kapena mmisiri m'Chiarabu cha kumeneko), kenaka anadula mbali yong'ambikayo ndi mpeni, nalumikiza paipi yotsalayo, naimanga ndi waya, ndipo anathira mu rediyeta madzi a m'chigubu chawo chakumwa. Podikira kuti injini izizire, mnzake anayatsa kachitofu ka gasi pa mthunzi wa loleyo naphika tiyi wa shuga wambiri, amene tinamwera buledi wophwatalala, nyemba za ful ndi anyezi wosaphika. Nditatulutsa ndalama, wamkulu uja anaika dzanja pachifuwa napukusa mutu, moti ndinachita manyazi kuumirira.

Ndinawafunsa ngati amakhala mu mzinda umene akuutengera simentiwo, ndipo onse anaseka. Anati iwo amangomanga, chifukwa nyumba za kumeneko sangazikwanitse ngakhale atagwira ntchito mpaka kukalamba. Dalaivala wanga anawonjezera kuti, “Ya basha (bwana), boma latopa ndi phokoso lathu, ndiye lasamuka.”

Mawu amenewo ndi amene ndinkawalingalira titadutsa pa chipata cha asilikali n'kulowa mu mzindawo, umene dongosolo lake linalengezedwa mu Marichi 2015. Zomangamanga zake n'zogometsa ndithu. Pali nsanja ya Iconic Tower yotalika mamita oposa 380, mzikiti wa Al-Fattah al-Aleem ndi tchalitchi chachikulu cha Akhristu a Chikoputi zimene zinatsegulidwa mu Januwale 2019, komanso mndandanda wa nyumba za maunduna ndi nyumba ya malamulo mmene Pulezidenti Abdel Fattah el-Sisi analumbirira mu Epulo 2024. Chifukwa chimene boma limapereka n'chomveka, pakuti m'dera la Cairo mukukhala anthu oposa 20 miliyoni, ndipo anthu pafupifupi 95 mwa 100 alionse a m'dzikolo anapanikizana m'chigwa cha mtsinje wa Nile. Komabe misewu ya mzindawu ndi yoti munthu sangaiwoloke pansi mosavuta, mtunda wochoka pa nyumba ina kufika pa inzake ndi wautali, ndipo kampani imene ikuyendetsa ntchitoyi gawo lake lalikulu ndi la asilikali. Kwathu likulu linasamukanso kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, koma anthu ochita zionetsero amayendabe pansi mpaka ku Capital Hill kukapereka kalata ya madandaulo. Ku Egypt khamu lotero lingafunike kudutsa chipululu pa misewu yochepa imene ili yosavuta kuitseka.

Khalidwe loti olamulira azikhala kutali ndi anthu wamba si lachilendo ku Egypt, ndipo amene wakwera linga la mfumu Salah al-Din pa phiri la Muqattam mu Cairo amaona yekha. Mkulu wa nkhondo wa Aarabu Amr ibn al-As atagonjetsa Egypt anamanga mzinda wa Fustat mu 641 pamene pano ndi Cairo wakale, Ahmad ibn Tulun anadzimangira al-Qata'i chakumpoto kwake cha m'ma 870, ndipo mafumu a banja la Fatimid mu 969 anamanga al-Qahira, kumene kunachokera dzina la Cairo, ngati mzinda wa mpanda wa wolamulira ndi asilikali ake, anthu wamba n'kutsala ku Fustat. Salah al-Din anayamba kumanga linga lake mu 1176, ndipo olamulira anakhala pamwamba pamenepo zaka mazana ambiri akuyang'ana mzinda uli kunsi, mpaka Khedive Ismail anatsikira ku nyumba yachifumu ya Abdeen m'zaka za m'ma 1870. Nthawi zonse mzinda wa anthu unkakula mpaka kuumeza mzinda wa mafumu, ndipo mfumu yotsatira inkasunthanso. Kusiyana kwa tsopano n'kwakuti mtunda wakula kwambiri.

Wopanda ndalama ya hayala akhoza kukwera sitima ya magetsi imene inatsegulidwa mu Julaye 2022, yoyambira pa siteshoni ya Adly Mansour, koma akatsika adzafunabe galimoto. Pasipoti isamachoke m'thumba, ndipo kujambula nyumba za boma n'kudziputira mavuto.

Madzulo ndinapempha dalaivala kuti anditsitse pa bwalo la Tahrir, pamene anthu anasonkhana kuyambira pa 25 Januwale 2011 mpaka Pulezidenti Hosni Mubarak anatula pansi udindo pa 11 Febuluwale. Kale maunduna ambiri ndi nyumba ya malamulo zinali pafupi ndi bwaloli, ndipo n'chifukwa chake khamu la pamenepo linali ndi mphamvu. Tsopano chinyumba cha Mogamma, mmene munthu aliyense wofuna chidindo cha boma ankataya tsiku lathunthu, chilibenso maofesi, ndipo pakati pa bwalo anaimikapo chipilala chakale cha mwala cha Farao Ramses II chozunguliridwa ndi ziboliboli zinayi za mitu ya nkhosa zochokera ku kachisi wakale wa Karnak. Ndinadya mbale ya koshari, mpunga wosakaniza ndi makaloni ndi mphodza, ya mapaundi 60 m'kanjira kena kapafupi, kenaka ndinabwerera kuti ndikaone chipilalacho bwinobwino, koma ndisanafike pa kapinga mlonda wina anandikodola nandiuza mwaulemu kuti pamenepo saimapo, ndipitirize ulendo.