Nyumba ya zisudzo imene inayamba ndi mkangano

Chipolishi changa ndi cha kumsika. Ndimatha kupereka moni, kuthokoza ndi kufunsa mtengo wa buledi, basi. Ndiye mnzanga wa ku Kraków, mzinda wa ku Poland, atandiuza kuti wagula matikiti awiri a zisudzo, ndinamuseka. Ndikamvako chiyani ine? Iye anandiyankha kuti ndisadandaule, akandinong'oneza pofunika, komanso nyumbayo payokha ndi yoti munthu akaione.

Tinakumana pa Plac Świętego Ducha, kamtunda kochepa kuchoka pasiteshoni yaikulu ya sitima. Kunkazizira mofika m'mafupa. Nyumbayo dzina lake ndi Teatr im. Juliusza Słowackiego, koma dzina la mlakatuli Juliusz Słowacki analipereka mu 1909. Poitsegula pa 21 Okutobala 1893 inkangotchedwa Teatr Miejski, kutanthauza nyumba ya zisudzo ya mzinda. Anajambula mapulani ake ndi Jan Zawiejski, ndipo sanaumire zokongoletsa: zipilala, ziboliboli, denga lotukuka ngati mphika wovundikira. Kumaso kwake kuli mawu akuti "Kraków narodowej sztuce". Mnzangayo anandimasulira kuti mzinda wa Kraków ukupereka nyumbayi ku luso la mtundu wawo. Poyamba ndinawatenga ngati mawu okometsera khoma chabe, mpaka nditakumbukira kuti mu 1893 dziko la Poland kunalibe. Kuyambira 1795 linali litagawidwa pakati pa Russia, Prussia ndi Austria, ndipo linadzabwereranso pamapu mu 1918. Kraków anali m'manja mwa Austria, kumene Chipolishi chinkapumako pang'ono. Kulemba mawu oti "mtundu" pakhoma nthawi imeneyo kunali kulankhula mokweza.

Tili panja pomwepo, mano akugundana, anandifotokozera za mkangano woyamba. Pamalopo panali tchalitchi ndi nyumba zakalekale za amonke a Mzimu Woyera, zimene zinalinso chipatala. Akuluakulu a mzinda anagamula kuti zigwetsedwe. Jan Matejko, katswiri wojambula zithunzi za mbiri ya Poland, anakana kwamtuwagalu, ndipo ataona kuti mawu ake apita m'madzi anabweza ulemu umene mzindawo unamupatsa womuyesa nzika yolemekezeka. Anamwalira pa 1 Novembala 1893, pasanathe milungu iwiri chitsegulireni nyumbayo. Ine mtima wanga uli kwa Matejko, ngakhale ndikuvomera kuti ndinalowa m'nyumbamo ndikusangalala ngati wina aliyense.

M'katimo chinthu choyamba ndi kuvula jekete. Pali malo ake osungirako otchedwa szatnia, ndipo amakupatsa kanambala. Ine ndinkafuna kulowa nalo, poti kuzizira kunali kusanandichoke, koma nditaona kuti aliyense akuvula ndinatsatira. Belu linalira, tinakhala pansi, ine n'kuyamba kupotola khosi ngati mwana, kuona mipando yofiira, golide m'makoma ndi makonde osanjikizana.

Chonyadira chachikulu m'nyumbamo ndi chinsalu chotchinga bwalo chimene anajambula Henryk Siemiradzki ku Rome, n'kuchipachika mu 1894. Ndi chithunzi chenicheni cha penti, chachikulu ngati khoma, ndipo sachipinda kapena kuchikulunga, amachikweza chathunthu. Nyumbayi ndi imenenso inayamba kuwala ndi magetsi mu Kraków, poti inali ndi makina akeake opangira magetsi m'kanyumba ka pambali, kamene pambuyo pake anakasandutsa bwalo laling'ono la zisudzo. Pa 14 Novembala 1896 anthu anaoneramo kanema wa makina a abale a Lumière. Zonsezi n'zabwino kuzidziwa, koma si zimene zinandigwira mtima.

Chimene chinandigwira ndi nkhani ya pa 16 Malichi 1901, tsiku limene anaonetsa koyamba sewero la Stanisław Wyspiański lotchedwa Wesele, kutanthauza ukwati. Miyezi inayi m'mbuyomo, mu Novembala 1900, mlakatuli Lucjan Rydel anakwatira mtsikana wa kumudzi, Jadwiga Mikołajczyk, ndipo phwando linachitikira ku Bronowice, mudzi wa kufupi ndi mzindawo. Wyspiański anali mmodzi wa oitanidwa. Anaona ophunzira a m'tauni akuvina ndi alimi, akumwera limodzi, koma pansi pamtima asakumvana. Anapita kwawo n'kuwalemba onsewo m'sewero. Tangoganizani: wavala bwino, wagula tikiti, wakhala pampando wofiira, kenako ukuona munthu pabwalo akulankhula ngati iwe, akunena zimene unanena utakhuta mowa paukwati wa mnzako, anthu oyandikana nawe akukuyang'ana cham'mbali. Ena anakwiya kwambiri. Ndipo seweroli silinasiyire pa miseche ya paukwati. Kumapeto kwake mnyamata amene anapatsidwa lipenga la golide loti adzutse nalo anthu kukamenyera ufulu, akulitaya potola chipewa chake cha nthenga, ndipo alendo onse akungozungulira kuvina ngati ogona. Kuwauza zimenezo anthu amene dziko lawo lili m'manja mwa ena, m'nyumba yomangidwa ndi ndalama za mzinda wawo, pamafunika chiwindi.

Pa nthawi yopuma mnzanga anandiuza za Ludwik Solski, mwina pofuna kunditonthoza poti theka la zolankhulidwa linali litandidutsa. Mu 1898, m'sewero lina la Wyspiański lonena za nkhondo ya mu 1831, Solski anatenga mbali ya msilikali wokalamba amene salankhula liwu ndi limodzi lomwe. Amangolowa ali matope okhaokha, kupereka sawatcha, kupereka uthenga wochokera kunkhondo, n'kutuluka. Mpaka lero anthu a zisudzo ku Poland amaikambabe mbali imeneyo. Solski anadzakhala mkulu wa nyumbayi kuyambira 1905 mpaka 1913, anamwalira mu 1954 ali ndi zaka 99, ndipo chipinda chimene ankavaliramo chilipobe, makoma ake odzaza ndi zojambula ndi masiginecha a anzake. Ndinamuuza mnzangayo kuti sewero la msilikaliyo ndi limene akanandigulira tikiti.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Ajeremani analanda nyumbayi n'kuisandutsa yawo, ndipo ochita zisudzo Achipolishi anabwereramo mu 1945.

Mkangano sunathere m'mabuku a mbiri. Pa 31 Okutobala 1901 Wyspiański yemweyo anaika pabwaloli sewero la Dziady la mlakatuli Adam Mickiewicz, ntchito imene ana asukulu ku Poland amaiphunzira. Patatha zaka 120, mu Novembala 2021, Maja Kleczewska anaikonzanso m'nyumba yomweyi, ndipo mbali ya Konrad, imene imakhala ya mwamuna, anaipereka kwa mayi, Dominika Bednarczyk. Anaimangiriranso ku mikangano ya ndale ya masiku ano. Mkulu woona za maphunziro m'chigawo cha Małopolska, kumene kuli Kraków, analangiza sukulu kuti zisatengereko ana. Zotsatira zake, matikiti anatha ngati ndiwo za paukwati.

Sewero limene tinaonera ife silinali limeneli, ndipo sindinganame kuti ndinalimva lonse. Mnzanga ananong'oneza kangapo kenako anaiwala za ine, zinthu zitafika pokoma. Ndiye ndinayamba kuonera anthu. Kudzanja langa lamanja kunali gogo wina wamkazi, wovala bwino, kachikwama pamiyendo. Pena pake wosewera wina ananena kanthu, theka la holo linaphulika ndi kuseka, ndipo anyamata a kumbuyo kwathu anaomba m'manja. Gogoyo anangofinya milomo n'kugwira kachikwama kake ndi manja onse awiri. Ndinaganiza kuti atuluka, koma anakhala mpaka pamapeto. Ochita sewero atabwera kudzagwada, anthu anaimirira, gogoyo anakhalabe pansi, n'kuomba m'manja katatu kokha, pang'onopang'ono.

Tinakumananso ndi gogoyo pamzere wotenga majekete. Anali akulankhula mwaukali ndi mtsikana amene ndikuganiza kuti anali mdzukulu wawo, chala chikuloza kukhomo la holo, mtsikanayo akupukusa mutu. Ndinafunsa mnzanga kuti akukangana chiyani. Anatchera khutu pang'ono n'kundiuza kuti gogoyo akuti wokonza seweroli alibe ulemu, ndipo akufunsa ngati matikiti a sabata yamawa alipobe, poti akufuna kubwera ndi mchemwali wawo kuti adzadzionere yekha.