Kadimba ka kuseri, kope la ndiwo ndi bilu ya madzi

M'mawa uno ndathyola bonongwe wodzaza kabeseni kaja timatsukira makapu, ndipo aka n'kachisanu ndi chiwiri kuthyola pabedi lomweli. Ndalemba m'kope monga mwa masiku onse: tsiku, ndiwo yomwe tadya, ndi ndalama yomwe ikanatsala pabenchi ya amayi ogulitsa masamba ndikanapita kukagula. Kopeli ndi la mwana wanga wa Sitandade 5. Analembamo masamu masamba atatu n'kulitaya kuseri kwa kabati. Ine ndinalitola mu Novembala 2023, masiku omwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti, nthawi ija mafuta ophikira unkawapeza mtengo wina m'mawa, madzulo wina. Tsopano Okutobala wa 2024 akutha, kope latsala masamba ochepa.

Mitengo sindiilemba pano. Pomwe muziwerenga ikhala itasintha kale, ndiye tizingotsutsana pachabe. Ine ndimawerenga masiku, mabotolo ndi matumba.

Miyezi yoyamba ija sindinalime kanthu, ndinkangolemba zogula. Ndinkaganiza kuti ndalama za pakhomo pano zimathera pa nyama, shuga ndi buledi. Kope linanditsutsa. Zimathera pa "ka". Kamtolo ka repu, kamulu ka tomato, kachubu ka mafuta, kajumbo ka makala, ka anyezi kamodzi. Chilichonse pachokha sichiwawa, n'chifukwa chake dzanja limalowa m'chikwama osaganiza kawiri. Koma ndi m'mawa ndi madzulo omwe, masiku 30. Ndiye mukatuma mwana, chenji chimadutsira kaye kwa amayi a zitumbuwa. Nditawonkhetsa tsamba la Januwale ndinabwereza katatu, kuganiza kuti ndalakwitsa masamu.

Timakhala nyumba ya lendi ku Area 36, mumzinda wa Lilongwe. Kuseri kuli kamalo ka mapazi aakulu 9 mulitali ndi 4 mulifupi, pakati pa mpanda wa njerwa ndi chingwe choyanika zovala. Alandilodi anavomera kuti ndilime, bola ndisayandikire dzenje la madzi a kubafa. Dothi lake ndi katondo wouma gwa, ndipo khasu likalowa limatuluka ndi zibenthu za njerwa, majumbo ndi zotsekera mabotolo. Loweruka awiri a mwezi wa Meyi anathera pa kutola zinyalala zokha. Pamapeto pake panatuluka mabedi 4, kuwonjezera matumba 6 a dothi omwe ndinandandalika m'mbali mwa mpanda.

Ndinayamba ndi zomwe aliyense amayamba nazo: repu, mpiru ndi chainizi. Nazale yoyamba inadyedwa ndi nkhuku za aneba tsiku limodzi, ndili ku tchalitchi. Sindinakayankhule, nkhuku siwerenga malire. Ndinatchinga ndi mapesi ndi matumba ong'ambika. Wina anandiuza kuti ndikutire ndi neti ya udzudzu, ndinakana, imeneyo ntchito yake ndi ya pogona. Nazale yachiwiri ndinaiwononga ndekha. Nditawokera ndinathira zitosi za nkhuku zosawola, ndili ndi mtima wakuti zikule msanga, ndipo patatha masiku atatu mpiru wonse unali utapsa m'mphepete ngati wawambidwa pamoto.

Apo m'pomwe ndinaphunzira kupanga manyowa a Mbeya. Zofunika zake zambiri zinali pakhomo pomwepa: gaga wochokera kuchigayo, phulusa la m'mbaula losefa bwino, zitosi zouma zopunthapuntha, feteleza pang'ono ndi madzi ongokwanira kuti ukafumbata zigwirane koma zisadonthe. Zonse m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati, kumanga zolimba, kuika pamthunzi masiku 21. Tsiku lomasula konzekani mphuno. Ndinayanika pamthunzi kuti fungo lituluke, kenako kadzanja kamodzi paphando. Mu Juni ndi Julayi, kuzizira kuli pachimake, repu anachita kunyada, masamba ngati mbale. Ndinkagawira aneba, ndinkajambula n'kutumiza pagulu la WhatsApp la amayi a kumpingo, ndinkadziona ngati mlangizi wa ku Bunda.

Kenako inabwera bilu ya madzi ya Ogasiti.

Bambo a kunyumba anaiika patebulo osanena kanthu, anadikira nsima ithe. Ndiye anafunsa mofatsa kuti, "Mayi, repu uyu mwasiya kugula kumsika, koma si kuti tikumugula kumpope?" Ndinatenga kope. Zomwe tinapulumutsa pa masamba mwezi umenewo, pafupifupi theka lake linapita ku madzi. Mlandu unali wanga. Ndinkathirira ndi payipi m'mawa ndi madzulo, mpaka madzi kuyenderera m'njira. Ndipo dzuwa litayamba kuwawa mu Seputembala, repu ndi chainizi anayamba kufuna madzi ochuluka koma kubweza masamba ang'onoang'ono, opiringizika, kunsi kwake kuli nsabwe zotuwa mbuu. Madzi a masamba a nimu osinja osakaniza ndi kasopo anathandizako, koma sabata yotsatira nsabwe zinali pomwepo.

Amene anasintha dimbali ndi amayi anga. Anabwera kuchokera ku Mitundu, ndinakawachingamira pa Bunda Turn-off atasenza thumba la mtedza ndi mtolo wa kholowa wodzala. M'mawa mwake anandipeza nditawerama, ndikuzula timbewu tomera tokha pakati pa repu. Anaima, manja kumbuyo.

"Mwanawe, chimene ukutayacho ukuchidziwa?"

"Ndi tchire, amayi."

"Tchire? Bonongwe uyu, chisoso ichi. Ukuzula ndiwo yobwera yokha kuti upatse malo yodwalayo? Mutauni muno mwaphunzira kwambiri."

Tsiku lomwelo anazula repu pamabedi awiri osandifunsa. Anamasula kansalu kumchiuno, momwe munali njere za bonongwe ndi luni, anasakaniza ndi mchenga wodzaza dzanja kuti zisagwere malo amodzi, n'kuwaza. Pamwamba anangopapasa ndi chikhatho, n'kuphimbira ndi udzu wopyapyala. Kholowa anadula zidutswa zotalika ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala, n'kubzala m'matumba muja. Akuti ndi Kadyaubwerere, mbatata yofiira m'kati ija amailimbikitsa kusikelo chifukwa cha vitamini A. Ine panopa ndikufuna masamba ake, mbatatayo ikabwera idzakhala basera.

Patangotha masabata atatu ndinayamba kupatulira bonongwe, ndipo zopatulazo ndizo zinali ndiwo yoyamba. Chinsinsi chake n'kusazula. Umathyola nsonga yokha, iye n'kutulutsa nthambi ziwiri pomwe panali imodzi, sabata yamawa wapezanso pothyola. Mitengo iwiri ya pakona ndaisiya kuti ichite ngala, mbewu ya chaka chamawa ikhale yanga. Dzuwa la Okutobala lomwe linagonetsa chainizi, bonongwe akuchita ngati ndi lake. Luni ndiye akuchedwerapo ndipo ana akuti akuwawa, koma ine ndi bambo awo timamudya tokha mosangalala.

Payipi ndinaipinda n'kuipachika. Panopa pakhomo la khitchini pamakhala ndowa ziwiri. Madzi otsukira mpunga, otsukira masamba ndi otsukuluzira mbale komaliza amapita mmenemo. A sopo waufa ndi a mafuta ayi, amenewo anandiphera anyezi. Ndimathirira kamodzi, dzuwa likapendeka, ndi keni. Mabedi onse ndaphimbira ndi makoko a mtedza ndi udzu, moti ukapisa chala masana dothi limakhala lidakali lozizira. M'thumba lililonse ndakwirira botolo la malita 2 lobowola ndi msomali m'mbali, madzi amatsikira ku mizu pang'onopang'ono. Bilu ya mwezi uno yabwerera pafupi ndi pomwe inali tisanayambe dimba. Bambo a kunyumba anaiwerenga, anaipinda, sananene kanthu. Kwa iwo kumeneko ndiye kuyamikira.

Za tomato ndinene mwachidule chifukwa zimandipwetekabe mtima. Ndinabzala mitengo 12. Inakula bwino mpaka kuyamba maluwa, kenako masamba anayamba kuoneka tinjira toyera m'kati, zipatso zili ndi timabowo pafupi ndi phata. Kambozi kaja amati Tuta absoluta. Mankhwala omwe ndinagula anadya ndalama yoposa tomato yemwe ndinakolola. Sindidzabwerezanso, pokhapokha ka pwerekete komera kokha pa dzala, kameneko sikavuta munthu. Chomwe chandipindulira n'kusonkherana ndi amayi awiri oyandikana nawo, kulawirira kumsika wa Wakawaka nthawi yomwe tomato wachuluka, kugula dengu lonse n'kugawana patatu. Wanga wina ndinadula mopyapyala, kuwaza kamchere, kuyanika palichero pamwamba pa denga masiku anayi nditaphimba ndi kansalu. Ali m'mabotolo awiri akudikira Januwale ndi Febuluwale, pomwe chiwawu chimagwira tomato m'minda ndipo kamulu ka atatu kamachita kukuyang'ana m'maso.

Kukhitchini nako kwasintha, ndipo mwina phindu lalikulu lili kumeneko kuposa kudimba. Thumba la mtedza lija amayi anabweretsa ndi Chalimbana. Madzulo timakhala pamkeka kuswa ndi ana, n'kusankha. Wonyala, wakuda ndi wachuku timataya, ngakhale nkhuku sitipatsa, chukucho ndi poizoni. Wotsalayo ndimasinja mumtondo pang'onopang'ono, wongokwana masiku atatu, chifukwa nsinjiro zikakhalitsa zimanunkha. Potendera ndimayamba ndi madzi pang'ono ndi mchere, akawira ndiponye bonongwe ndi tomato mmodzi. Masamba akangofota ndimathira nsinjiro pamwamba, kuvundikira, osatakasa. Zipse kaye ndi nthunzi. Kenako mthiko, moto wochepa, mpaka mphika uyambe kulira phwathaphwatha, timafuta ta mtedza titayandama m'mbali. Mafuta a m'botolo salowamo ngakhale dontho. Botolo la malita 2 lomwe linkatha masabata atatu, mwezi uno lafika sabata yachisanu.

Nyemba ndimanyika usiku. M'mawa ziwire kwambiri pambaula theka la ola, kenako mphika wonse, uli chivundikirire, ndimaukulunga m'bulangete lakale n'kuuika m'dengu. Pofika masana zapsa zokha, makala omwewo ndaphikira kale phala ndi madzi osamba. Poyamba mwana wamng'ono ankauza anzake kuti amayi agoneka nyemba. Ndimaphika zambiri, za masiku awiri, tsiku lachiwiri n'kuzisakaniza ndi kholowa.

Buledi watsala wa Lamlungu. Masiku ena ndi mbatata yophika, futali, kapena phala la mtundu wa Likuni lomwe ndimakagayitsa ndekha: makapu 4 a chimanga pa kapu 1 ya soya wokazinga. Pa nsima tinakangana. Ine ndinkafuna mgaiwa chifukwa thumba limapita patali, palibe chotsala pa kukonola. Bambo a kunyumba anati mgaiwa anadya wokwana ku sekondale yogonera konko, sadzaudyanso m'nyumba mwawo. Tinagwirizana pa gramilu, kukonola koma osaviika. Gaga wake ndi uja amabwerera ku manyowa a Mbeya. Chimanga cha 2024 sichinali choseweretsa. Mvula inadukiza chifukwa cha El Niño, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Matumba atatu omwe tinapeza kumudzi nthawi yokolola ndinawatsanulira m'matumba a PICS, aja a mapulasitiki awiri m'kati, ndipo mpaka lero sindinaonemo nankafumbwe ngakhale sindinathire mankhwala.

Musaganize kuti onse akuimba nthungululu. Sabata yatha mwana wamkulu anakankha mbale n'kunena kuti, "Amayi, kodi ife tasanduka mbuzi?" Ndinaseka, koma ndinamumva. Masiku atatu otsatizana a zotendera ndi malire. Ndiye pa ndalama yomwe masamba apulumutsa ndimapatulapo ya usipa, mazira kapena masoya pisi, ndipo kamodzi pamwezi nkhuku. Kadzanja ka usipa wokazinga pambali pa bonongwe kamatseka pakamwa pa aliyense.

Tsamba la Okutobala likuti pa masiku 28 omwe adutsa, masamba ndagula kawiri kokha, ndipo kamodzi kanali kabichi wa alendo. Thumba la makala lapitirira ndi masiku 9 poyerekeza ndi la mu Epulo. Maulendo opita pabenchi atsika kwambiri, zitumbuwa za m'njira nazo zatsika. Koma shuga, mchere, sopo ndi lendi sizimera kuseri kwa nyumba. Keni, khasu ndi mbewu zinadya ndalama poyamba, ndipo msana wanga uli ndi mawu ake omwe sindinawalembe m'kope.

Mitambo yayamba kusonkhana cha kumadzulo. Mvula ikangogwa ndibzala maungu m'mbali mwa mpanda kuti tipeze nkhwani, ndi khobwe wa chitambe pomwe panali tomato. Cholinga n'chakuti mu Malichi ndi Epulo ndifutse wokwanira, ndipo amayi alonjeza kunditumizira masamba a msuku omangira zikwatu, akuti mfutso wa m'jumbo sukoma.

Dzulo madzulo kunabwera alandilodi. Anazungulira kuseri, anayamikira kuti pamalo paja pasanduka pabwino, ndinawathyolera bonongwe wodzaza jumbo. Potuluka pageti anatembenuka n'kunena kuti akuganiza zomanga kachipinda ka lendi pamalo pomwepo, mwina mvula ikatha, mwina chaka chinacho, zidalira mtengo wa simenti. Ndinangoti, "Chabwino bambo, mudzatiuze nthawi ilipo." M'mawa uno, ndisanathyole ndiwo, ndatuma mwana kuchigayo kukafunsa ngati ali ndi matumba akale ogulitsa. Ndikufuna 10.