Ana 4 mwa 426: kafukufuku yemwe anandisowetsa tulo

Teremu ino pa kosi yathu ya zaumoyo tikuphunzira kuwerenga malipoti a kafukufuku, ndipo aphunzitsi anati aliyense asankhe lipoti limodzi alisanthule bwinobwino. Anzanga ambiri anatenga za malungo ndi kolera. Ine ndinasankha kafukufuku wa ku Botswana wotchedwa Tsepamo, chifukwa ndimamwa ma ARV ndipo nkhani yake ndi ya piritsi lomwe ndimameza tsiku ndi tsiku.

Tsepamo anayamba mu 2014. Azamba a m'zipatala za boma ku Botswana ankayang'ana thupi la mwana aliyense wobadwa n'kulemba ngati ali ndi chilema, komanso mankhwala omwe mayi ake ankamwa. Mu 2016 dziko la Botswana linayamba kupereka ARV watsopano wotchedwa dolutegravir, ndiye ofufuzawo anapeza mwayi woona ana obadwa kwa amayi omwa mankhwala atsopanowa. Mu May 2018 anatulutsa chenjezo. Mwa amayi 426 omwe anatenga pakati akumwa kale dolutegravir, ana 4 anabadwa ndi chilema cha msana kapena ubongo, chija chimayamba m'masiku 28 oyambirira a mimba pamene msana wa mwana sunatsekeke bwino. Pa 100 alionse ndi 0.94, pomwe kwa amayi omwa ma ARV ena anali 0.12. Bungwe la WHO linachenjeza maiko mwezi womwewo.

Kwa ife nkhaniyi sinafike ndi manambala. Inafika pa WhatsApp komanso m'manong'onong'o a pa benchi podikira mankhwala: akuti atsopanowo akulumalitsa ana. Nthawi imeneyo ndinali pa 5A, ma ARV okhala ndi mankhwala a efavirenz, yomwe inkandipatsa chizungulire ndi maloto oopsa moti m'mawa ndinkadzuka wotopa kale. Ndinkayembekezera mankhwala atsopano ndi mtima wonse, komanso ndinkafuna mwana. Kuno ku Malawi 13A, yomwe ili ndi dolutegravir, itayamba mu January 2019, abambo anasinthidwa, koma ife amayi a msinkhu wobereka ambiri anatisiya kaye pa 5A. Ndimakumbukira namwino akulembanso 5A m'kabuku kanga, ine ndikuyang'ana cholembera chake, osadziwa ngati ndithokoze kapena ndidandaule.

Chomwe ndaona tsopano, nditawerenga lipotilo ndekha, n'chakuti ofufuzawo sanabise kukayika kwawo. Pambali pa 0.94 analemba manambala ena awiri, 0.37 ndi 2.4, kusonyeza kuti chiwerengero chenicheni chikhoza kukhala paliponse pakati pamenepo. Mpata waukulu chonchi umabwera pamene anthu owerengedwa ndi ochepa ndipo vutolo ndi losowa. Tinayesa m'kalasi kuchotsapo mwana mmodzi pa anayiwo, kenako kuwonjezerapo mmodzi, ndipo peresenti inkalumpha kwambiri. Zili ngati kulawa chipande chimodzi cha ndiwo zosatakasa n'kunena za mchere wa mphika wonse. Manambala awiriwa sanafike pa benchi yathu, ndipo ngakhale akanafika panalibe wotimasulira.

Ana anapitiriza kubadwa, azamba anapitiriza kulemba. Mu 2019 amayi owerengedwa anafika 1,683, ana olumala 5, ndiye peresenti inatsika kufika 0.30. Mu July chaka chomwecho WHO inati dolutegravir aperekedwe kwa onse, kuphatikizapo amayi omwe angatenge pakati. Pofika 2022, amayi ataposa 9,000, chiwerengero chinali 0.11 kwa omwa dolutegravir ndi kwa omwa ma ARV ena omwe. Kusiyana kuja kunatheratu.

Mnzanga wina m'kalasi anati ndiye kuti ofufuzawo anaopseza anthu pachabe. Ndinatsutsana naye, ndipo mpaka pano sindigwirizana naye. Munthu woona ana anayi olumala n'kukhala chete mpaka atatsimikiza, ameneyo sindingamukhulupirire pa moyo wanga. Iwo anachita bwino kulankhula, anachitanso bwino kupitiriza kuwerenga. Pomwe panandiwawa ndi pa zomwe zinatsatira, pamene maiko ambiri anangosankhira amayi osawafunsa. Mu July 2018 amayi omwe ali ndi HIV ochokera m'maiko osiyanasiyana a mu Africa anakumana ku Kigali n'kunena poyera kuti awauze zoona zonse, awapatse njira za kulera, kenako asankhe okha. Ena mwa iwo sankafunanso kubereka. Ena anali atatopa ndi efavirenz. Ndikawerenga mawu awo ndimamva kuti ankalankhula m'malo mwanga pa nthawi yomwe ine ndinalibe mawu.

Mantha sanandichoke chifukwa chophunzira. Panopa nkhani yomwe imandigunditsa mtima ndi ya kunenepa. Kafukufuku wa ADVANCE wa ku Johannesburg, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anapeza kuti omwa dolutegravir ankanenepa kuposa omwa efavirenz, makamaka amayi. Kwathu kuli matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndiye ndikaona mutu wa nkhani wonena zimenezi m'mimba mumatentha. Chomwe chasintha ndi zomwe ndimachita mimba ikatentha choncho. Sindiwerenganso zotere usiku ndili ndekha pa foni. Ndimadikira kuche, ndipeze lipoti lenilenilo, ndione kuti anawerenga anthu angati, anawayerekeza ndi ndani, kwa nthawi yaitali bwanji. Pa ADVANCE ndinapeza kuti onenepa kwambiri anali omwe ankamwa dolutegravir pamodzi ndi ARV wina wotchedwa tenofovir wa mtundu wa TAF, pomwe mu 13A yomwe ndikumwa panoyi muli wa mtundu wa TDF. Sizikutanthauza kuti ine ndapulumuka, chifukwa a TDF nawonso ananenepa, koma zinandithandiza kudziwa gulu lomwe ndikufanana nalo.

Mafunso otsala ndimawalemba kumapeto kwa kabuku ka kuchipatala, ndipo tsiku lokatenga mankhwala ndimawafunsa ngakhale mzere utatalika. Ulendo wathawu ndinapempha kuti andiyeze shuga ndi BP, osangondikweza pa sikelo n'kundipatsa mabotolo. Piritsi sindinadumphitsepo chifukwa cha lipoti lililonse, poti kuopsa kosiya mankhwala n'kotsimikizika kale: kachilombo kamachulukana ndipo kakhoza kuyamba kupima mankhwalawo.

Aphunzitsi andipempha kuti ndikafotokoze za Tsepamo pamaso pa kalasi yonse. Ndavomera. Ndiyamba ndi 0.37 ndi 2.4, kenako ndiwafunse anzanga, omwe ambiri adzakhala akupereka mankhwala m'zipatala, kuti mayi wa pa benchi akadzawafunsa ngati zomwe wamva pa WhatsApp n'zoona adzamuyankha bwanji.