Ulendo wokabweza kwa anzathu owerenga, ndi mkangano wa Sauron

Gulu lathu linapita kukabweza ulendo kwa anzathu owerenga aja, ndipo mutu unali womwe tinapangana: kodi Sauron, mdani wamkulu wa m'mabuku a J.R.R. Tolkien a The Lord of the Rings, ankafuna chiyani, nanga nzeru zake zinaphonya pati? A mlembi anafika galimoto italira kale, tinawaombera m'manja n'kunyamuka. Mvula inatipeza m'njira n'kunyowetsa mapu amene achemwali athu ojambula anavutikira, dera lonse la Mordor, dziko la Sauron, inki inangoti balala. Anzathuwo anatipatsa pepala lina, ndipo achemwali anajambulanso osayang'ana m'buku.

M'mawa tinaphunzira kayendetsedwe ka gulu lawo. Ali ndi kaundula wa mabuku obwereketsa, ndipo wotsogolera zokambirana amasintha mwezi uliwonse. Zonsezi a mlembi analemba.

Chimene chinatitengera tsiku ndi funso la a msungichuma athu. "A tcheya, mundikhululukire," anatero, "koma munthu wochenjera angasiye bwanji phiri lokhalo limene lingawononge mphete yake popanda mlonda ndi mmodzi yemwe? Ameneyu ndi chitsiru basi." Amanena za phiri lamoto la ku Mordor, kumene Sauron anasulira mphete yake yamphamvu. Chipinda chinagawikana pakati. Wapampando wa anzathuwo anati, "Amayi, funso lanu ndi labwino, tiyeni tiliike papepala." Anagawa pepalalo m'mizere itatu: tsiku, zimene mdani akudziwa tsikulo, ndi zimene wachita. Lamulo ndi limodzi, lakuti m'mzere wapakati musalowe chinthu chimene wowerenga yekha akudziwa. Apa ndi pamene ambirife timalakwira, chifukwa ife tayenda ndi Frodo, wonyamula mpheteyo kuti akaiwononge, kuyambira kwawo, pamene Sauron sanamuone ndi maso.

Tinayamba ndi mphete zamphamvu za m'nkhanimo. Zinalipo 3 za ma Elf, 7 za ma Dwarf ndi 9 za anthu, ndipo Sauron anasula imodzi yolamulira zonsezo. Cholinga chinali kugwira mitima ya atsogoleri kuti mitundu yawo imutsate popanda nkhondo. Ma Elf anamuzindikira atangoivala, n'kuvula zawo. Ma Dwarf zinangowakulitsira dyera la golide koma sanagonje. Anthu 9 okha ndiwo anasanduka akapolo ake, ma Nazgûl. Pa mphete 19, zinamugwirira ntchito 9, ndipo mtengo wake unali waukulu, poti mphamvu zake zambiri anazithira m'chinthu chimene chingadulidwe pachala, monga anachitira Isildur, mwana wa mfumu ya anthu, pa nkhondo yakale. Tolkien mwini analemba kuti Sauron poyamba ankakonda dongosolo ndipo ankadana ndi chisokonezo. Ankafuna dziko loyenda mwa ndondomeko yake, osati phulusa. Ichi n'chimene chimamusiyanitsa ndi mbuye wake Morgoth.

Kenaka tinalowa mwezi wa Malichi chaka cha 3019 cha m'nkhanimo, ndipo apa mpamene panatentha. Pa 5, Pippin, mnzake wa Frodo, akuyang'ana mu palantír, mwala woonera kutali wa Saruman, mfiti imene inagwirizana ndi Sauron. Sauron akuona Hobbit, mtundu wa anthu aafupi wa Frodo, ndiye akuganiza kuti Saruman wagwira wonyamula mphete, n'kutumiza Nazgûl ku Isengard, kwa Saruman. Pa 6, Aragorn, wa mbumba ya Isildur, akudzionetsa mwadala mu mwala womwewo ndi lupanga losulidwanso, limene Isildur anadulira mphete ija. Mzere wapakati tsopano ukuti: Saruman wagwa, mdzukulu wa Isildur ali moyo, mwina mphete ili kwa iye. Munthu amene akudziwa zimenezi zokha achita chiyani? Amenya msanga mnzakeyo asanaiphunzire. Ndiye anatulutsa asilikali asanamalize kukonzekera, ndipo pa 15 anagonja pa Pelennor, chigwa cha kunja kwa mzinda wa Minas Tirith, mtsogoleri wa ma Nazgûl n'kufera pomwepo.

A msungichuma sanagonje. "Nanga Frodo atagwidwa ku Cirith Ungol pa 13, chovala chake cha mithril n'kukafika ku Barad-dûr, sanadabwe?" Cirith Ungol ndi nsanja ya pampata wolowera ku Mordor, mithril ndi chitsulo chamtengo wapatali, ndipo Barad-dûr ndi nsanja ya Sauron. Tinayang'ana papepala. Mphete sinapezeke pa iye, chifukwa Sam, mnzake wapaulendo, anali ataichotsa, choncho kwa Sauron ameneyu anali kazitape. Masiku omwewo, pa 18, Aragorn ananyamuka ku Minas Tirith ndi asilikali pafupifupi 7,000 kulunjika pachipata cha Mordor. Gulu laling'ono chotero silingapite kukagogoda pakhomo pa Sauron pokhapokha mtsogoleri wake ataledzera ndi mphete. Umu ndi mmene Gandalf, mlangizi wa Aragorn ndi Frodo, ankafunira kuti Sauron aganize, ndipo anaganizadi choncho, n'kukokera asilikali ake kumpoto, njira ya kuphiri n'kutsala poyera.

Chakudya chinazizira patebulo ife tili pamfundo yomaliza, imene ine ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa zonse. Sauron ankakhulupirira kuti palibe angaponye mphete ija pamoto mwa kufuna kwake, ndipo pamenepa sanalakwe. Isildur anakana kuiwononga. Frodo, atafika pamphepete pa motowo pa 25, anaivala n'kunena kuti ndi yake. Inagwa chifukwa Gollum, amene anaisungapo kale, anailanda n'kuterereka nayo, ndipo Gollum anali moyo chifukwa Bilbo (mbale wa Frodo), Frodo ndi Sam, aliyense pa nthawi yake, anamumvera chisoni. Chisoni chimenecho sichikanalowa m'mzere wapakati wa Sauron ngakhale pepala likanatalika bwanji. A msungichuma anavomera kuti si chitsiru, koma anaumirira kuti alonda awiri pakhomo la phirilo sakanamuwonongera kanthu, ndipo theka la chipinda linaima nawo.

Tikuthokoza anzathuwo chifukwa cha malo, pepala ndi kuleza mtima, amayi amene anatenthetsanso chakudya osadandaula, achimwene oyendetsa galimoto amene anatidikira mpaka mdima, ndi achemwali athu a mapu. Pepala la mizere itatu lili kwa a mlembi. Anzathuwo akadzabwera tidzachita chimodzimodzi ndi Saruman, ndipo a msungichuma ndiwo adzatsogolere.