Lachitatu: tsiku lonse ndi matepi a m'ma 1980

Lero ndinafika ku ofesi kuno ku Aberdeen, mzinda wa ku Scotland, kunja kusanayere bwino, ndipo ntchito imene inkandidikira inali yosanthulanso zimene sitima ina inajambula pansi pa nyanja ya North Sea m'zaka za m'ma 1980. Kalelo sitimayo inkaphulitsa mpweya m'madzi, phokosolo n'kulowa m'miyala ya pansi, ndipo pobwerera linkamvedwa ndi timakina tomangiriridwa pachingwe chachitali chimene inkakoka. Zonsezo zinasungidwa pa matepi, ndipo zambiri zoterezi tsopano zimapezeka mu National Data Repository, nkhokwe ya zofufuza za mafuta ndi gasi imene inatsegulidwa ku Britain mu 2019.

M'mawa wonse unathera pa vuto limodzi: mizere yakale imene sitimayo inajambula inkakana kulumikizana ndi imene inajambulidwa posachedwapa. Nditawerenga kabuku kamene wogwira ntchito m'sitimamo ankalembamo pamanja, inki yake itayamba kale kufufutika, ndinazindikira kuti malo anayezedwa potsatira ED50, njira yakale yoyezera malo pa mapu, pamene ife timagwiritsa ntchito ina yotchedwa WGS84, ndipo kuno kusiyana kwa njira ziwirizi kumapitirira mamita 100. Ndinamuyamikira mumtima munthu ameneyu, chifukwa akanapanda kulemba mosamala chonchi, matepi onsewo akanatisocheretsa.

Masana kompyuta inachotsa phokoso limene limangobwerezabwereza pakati pa pamwamba pa madzi ndi pansi pa nyanja, ndipo mng'alu wa m'miyala umene poyamba unkaoneka ngati chifunga unatulukira bwinobwino. Miyalayo sinasinthe ayi; chimene chakula ndi mphamvu ya makompyuta athu. Mnzanga wina anandikumbutsa za kampani ya mafuta ya BP, imene mu 2017 inalengeza kuti itasanthulanso zojambula zake ndi njira ya pa kompyuta yoonetsa bwino miyala ya pansi, yotchedwa full waveform inversion, inapeza migolo ina ya mafuta yoposa 200 miliyoni ku Atlantis, malo okumbapo mafuta m'nyanja ya Gulf of Mexico, kumene miyala ya mchere inkaphimba zimene zili pansi pake. Ine chimandikhudza kwambiri n'chakuti tikayamba tafinya zakalezi, sitima zatsopano zimapita kokha kumene kukufunikiradi, ndipo anamgumi amapumako ku phokoso lija.

Pobwerera kunyumba madzulo ndinkaganiza za akatswiri a ku Duke University ku America, amene m'zaka zomwezo za m'ma 1980 anajambula pansi pa Nyanja ya Malawi mu ntchito yotchedwa Project PROBE. Mawa ndiyamba ndawerenga zimene analemba za kayezedwe kawo ka malo.