Za pamkono ndaikitsa, koma pondifikitsa pamenepa ndavutika

Amayi anzanga amene mukuganiza zoikitsa kulera kwa pamkono, kuja koika kachubu pansi pa khungu la mkono, musananyamuke kwanu yambani mwafunsa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu ngati kuchipatalako zipangizo zilipo, komanso ngati anesi amene amaika alipo tsikulo. Ine ndimagulitsa zinanazi ndi mapeyala m'mbali mwa msewu kuno ku Mulanje, ndipo tsiku limene sindili pamalonda ndiye kuti kunyumba ndiwo ndi chigwada chopanda nsinjiro. Tsiku lotero linandithera pabenchi popanda chimene ndinapindula, ndalama ya kabaza popita ndi pobwera n'kulowa m'madzi.

Ndinkalera ndi jakisoni wa Depo, uja wa miyezi itatu. Sindinkadana naye. Vuto linali loti dzinja likafika mtsinje wakwathu suwolokeka, ndipo nthawi ina ndinachita kuvutika kukafika n'kuuzidwa kuti jakisoni watha, tikabwerenso. Ndinadikira, masabata n'kumapita. Ndi pamene ndinati basi, ndikufuna chinthu choti ndikaika ndiiwaleko. Za jakisoni wa Sayana wodzibaya wekha pantchafu kapena pamimba anandiuzapo, koma ine singano m'manja mwangamu ayi ndithu.

Tsiku lija lopita kukaikitsa za pamkono ndinalawirira mame asanaume. Tinaimba nyimbo, tinamvera maphunziro, kenako anayamba kuthandiza a sikelo ya ana, kutsatira amayi oyembekezera, ife olera kumapeto. Mmene ndimalowa m'chipinda dzuwa linali litapendeka. Funso loyamba: "Mayi, mwasamba liti komaliza?" Ndinawauza kuti chiyambireni jakisoni sindisamba. Anayang'ana m'kabuku, anaona kuti tsiku la jakisoni linapitirira kalekale, basi anangonditambasulira kabukuko. "Mubwere mukayamba kusamba." Ndinati anesi, ndisamba liti poti ndakuuzani kuti sindisamba? Akuti zoyezera mimba zatha, ndiye sangandiike. Sindinakane kuti munthu woyembekezera asaikidwe, zimenezo n'zomveka. Chinandipweteka n'choti mawu amenewa akanatha kuwanena m'mawa pa maphunziro paja, tonse amene sitinali kumwezi tikanabwerera dzuwa lisanakwere. Komanso amene anachedwetsa jakisoniyo ndi ndani? Si iwo omwewo amene anati watha? Ndinatuluka ndili duu, zinanazi zanga zikupsa ndi dzuwa kunyumba.

Pambuyo pake anesi ena ndi amene anandimasulira bwino. Sikuti za pamkono amaika pokhapokha uli kumwezi. Chimene amafuna n'kutsimikiza kuti ulibe mimba. Ukaikitsa m'masiku oyambirira a msambo zimayamba kugwira ntchito pompo. Ukaikitsa nthawi ina iliyonse, umagwiritsa ntchito makondomu kapena kudziletsa masiku 7. Ndipo ngati ukuchoka pa jakisoni, pita pa tsiku lenileni limene umayenera kubayitsanso, pamenepo palibe zodikira msambo. Ine ndinagula kachoyezera mkodzo kufamase paboma n'kupita nako m'chikwama. Inunso chitani chimodzimodzi ngati tsiku lanu lapitirira. M'zipatala za boma kulera n'kwaulere, koma ulere umenewo sukubwezerani tsiku lanu. A Banja La Mtsogolo amayendanso m'zipatala zing'onozing'ono masiku ena, mlangizi yemweyo amadziwa kuti abwera liti. Kuzipatala za mishoni ya Katolika njira zimenezi sapereka, musaononge ulendo.

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono, poti ndaiwala za kunyumba. Bambo akunyumba sanavute, anangoti bola usadwale. Apongozi ndiwo anandikhazika pansi. Akuti tizitsulo timeneto timayenda m'thupi mpaka kumtima, akuti munthu sagwiranso khasu, akuti ukachotsa subereka. Ndinawamvera mwaulemu mpaka kumaliza, koma ndinali nditaona kale amayi angati kumaesiteti akuthyola tiyi tsiku lonse, dengu kumsana, za pamkono zili pomwepo. Si chitsulo n'komwe, ndi kapulasitiki kofewa kangati kamtengo ka machesi, kamakhala pansi pa khungu penipeni ndipo umatha kukakhudza ndi chala. Kamatulutsa mankhwala pang'onopang'ono amene amaletsa dzira kukhwima, n'kulimbitsa chikazi cha pakhomo pa chiberekero kuti mbewu ya abambo isadutse. Mwa amayi 100 amene aika, osakwana mmodzi ndi amene amatenga mimba pa chaka.

Anthu timangoti noplanti zonse, koma zilipo zamitundu. Jadelle ndi timachubu tiwiri, zaka 5. Implanon ndi kamodzi, zaka 3. Palinso Levoplant, tiwiri koma zaka 3. Apa ndiye pamasokonezeka ambiri, munthu kumva timachubu tiwiri pamkono n'kumati ndili ndi zaka 5 pomwe anamuika ya zitatu. Muwauze alembe m'kabuku dzina la chimene akuikani ndi tsiku lochotsa, inu mukuona. Ine ndinasankha Implanon chifukwa nkhani ya mwana wina sitinaitseke m'nyumba mwathu.

Asanakuikeni amafunsa za mankhwala amene mukumwa. Musabise chifukwa cha manyazi kapena poopa amene ali panja kuti amva. Mankhwala a TB aja a rifampicin, ndi ena a khunyu, amafooketsa za pamkono. Ma ARV akale aja a 5A, okhala ndi efavirenz, nawonso amatero, ndipo alipo amene anatenga mimba za pamkono zilipo. Kuyambira 2019 ambiri anasinthidwa kupita pa 13A, amene alibe vuto limeneli, komabe nenani zimene mukumwa, iwo ndiwo aone. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere samuika. Woyamwitsa palibe vuto, mkaka suuma.

Kuika kwenikweniko palibe chonena. Amasankha mkono umene sugwira ntchito kwambiri, ine wamanzere, amabaya jakisoni wa dzanzi mkati mwa mkono chapamwamba pa chigongono, ndiye amene amaluma pang'ono, mphindi zochepa basi atha. Anandigwiritsa chala changa pamalopo kuti ndikamve ndekha. Bandeji amati isanyowe masiku awiri, kapulasitala kamkati kakhale masiku angapo. Panada bii kwa kanthawi n'kubwerera. Mtondo ndinangoupumira pang'ono.

Magazi ndiye anandisowetsa mtendere. Anandiuza kuti msambo usintha, ine n'kuvomera mutu, osadziwa kuti kusinthako n'kotani. Kudontha lero, mawa kusiya, mkucha kuyambiranso. Osati kutaya kwambiri, koma kosatha. Wavala bwinobwino kuti upite kutchalitchi, ukaimirira uyambe wacheuka kumbuyo. Mapadi ndi mitengo yake ino sindikanakwanitsa, ndinabwerera ku nyanda, ndiye sopo naye amatha ngati akudyedwa. Kuno kwathu mukudziwa kuti mayi ali kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Mwana wanga wamkazi anatopa n'kuitanidwa kuchokera kosewera kuti adzathire mchere, mpaka apongozi anazindikira okha popanda wowauza. Anangoti, "Mayi, si zija ndimanena zija?" Bambo nawo anayamba kuyankhula mokhota madzulo. Kunena zoona panthawi imeneyo ndinatsala pang'ono kukachotsa.

Ndinabwerera kuchipatala nditakonzeka kukangana, koma anesi amene ndinawapeza anandikhazika bwino. Anati kudontha kotere n'kofala kwambiri, makamaka m'miyezi yoyamba mpaka chaka, ndipo si chizindikiro choti m'mimba mwawonongeka. Anandipatsa bulufeni woti ndimwe masiku 5 nditadya, n'kunena kuti zikapitirira pali mapilitsi olerera amene amapereka kwa kanthawi kuti magazi aime. Anandiuzanso kuti ndizidya bonongwe, nyemba, chiwindi chikapezeka. Zinachepa. Sizinathe tsiku limodzi, koma zinachepa mpaka tsopano ndimangoona pang'ono mwa apo ndi apo. Chimene ndikudandaula n'choti zakuti pali chithandizo cha magaziwa palibe anandiuza tsiku loika. Ambiri amangopirira m'nyumba kapena kuthamangira kwa asing'anga.

Matupi ndi osiyana. Achemwali anga aakulu anaika Jadelle, iwo msambo unangoima ndithu, ndipo anganga anawaopseza kuti magazi akuunjikana m'mimba adzatuluka chotupa. Si zoona. Mankhwalawa amachititsa kuti m'chiberekero musakhuthale, ndiye palibe choti chituluke. Ena amamva mutu, ena ziphuphu, ena mawere kuwawa, ena amanenepa kapena kuchepa. Ine mutu unkandigwira masana m'miyezi yoyamba, panado amathetsa. Zoti musadikire nazo ndi izi: kutaya magazi ambiri kuposa mmene mumasambira, kuwawa kwambiri m'munsi mwa mimba, mutu waukulu wophimba m'maso, maso achikasu, mafinya pamalo poika, kapena kufufuza ndi chala osakamvanso. Ndipo za pamkono siziteteza ku HIV kapena matenda opatsirana pogonana, pamenepo kondomu ndi yomweyo.

Funso limene ndikufuna aliyense afunse asanapereke mkono ndi lakuti, ndikafuna kuchotsa ndipite kuti, ndipo amachotsa tsiku liti? Oika ndi ambiri, ochotsa ndi ochepa, chifukwa pamafunika kucheka pang'ono ndi zipangizo zophikidwa bwino. Mnzanga wogulitsa nthochi ankafuna mwana zaka zisanakwane, anamuzunguza kuti mankhwalawo ndi odula, apirire. Anakachotsa kuchipatala cholipira. Thupi ndi lanu, muli ndi ufulu wochotsa tsiku lililonse, ndipo musalole wina aliyense wa m'mudzi kukuchekani ndi lezala. Mukachotsa, mimba imatha kubwera mwezi womwewo, kusiyana ndi Depo amene amachedwetsa miyezi ingapo. Mnzangayo panopa ali ndi khanda.

Za kabuku ndibwerezenso. Dzina la chimene akuikani, tsiku loika, tsiku lochotsa, zonse zilembedwe. Kenako jambulani tsambalo pafoni n'kutumizira mchemwali wanu pa WhatsApp. Namondwe wa Freddy atatigwera mu Malichi 2023, mabuku a kuchipatala anapita ndi matope pamodzi ndi katundu yense, ndipo m'dera lathu muli amayi amene mpaka pano akungoyerekeza chaka chimene anaikitsa powerengera msinkhu wa mwana.