Kuthokoza kwa mbumba: chiliza cha agogo chamangidwa, mbiri yawo yalembedwa

Ife a mbumba ya malemu agogo athu aakazi, a m'dera la Mfumu Yaikulu Mponda kuno ku Mangochi, tikuthokoza nonse amene munatigwira mkono pa ntchito ziwiri zimene zatha Loweruka lapitali: kumanga chiliza pamanda awo, ndi kulemba mbiri ya moyo wawo pamodzi ndi mzere wa ana awo.

Tiyambe ndi inu amfumu ndi adzukulu a m'mudzi. Manda akale a munthu wamba analibe mtanda wolembedwa. Pamtumbira ankaikapo mbale yobowola kapena phale la mphika, ndipo izi zimakwiririka zaka zikamapita. Amfumu atapereka chilolezo, adzukulu aakulu anapita kumanda aliyense payekha, ndipo onse analoza malo amodzi. Amene mukuganiza zochita ntchito yotereyi, musatenge akuluakulu onse ulendo umodzi. Wina akaloza, enawo amangovomera mwaulemu, mapeto ake chiliza chimamangidwa pa munthu wina.

Amisiri, zikomo pokana mchenga wosalala wa m'mphepete mwa nyanja n'kutumiza ngolo kukatapa wokhakhala wa mumtsinje. Muyeso unali ndowa imodzi ya simenti pa ndowa zinayi za mchenga, ndipo anyamata ankathirira m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu atafunditsa masaka. Popanda zimenezi, dzuwa la kuno limang'alula pulasitala.

Ntchito yovuta inali ya mbiri. Agogo sanasiye pepala lililonse m'dzina lawo. Zitupa za msonkho zimene zinapezeka m'sutikesi yakale n'za amuna awo. Komanso munthu mmodzi yemweyo anali ndi mayina atatu: laubwana, la paubatizo, ndi lija lowatchulira mwana wawo woyamba, loti amake a uje. Tikuthokoza akuluampingo a tchalitchi cha Anglican amene anatitsegulira kaundula wa ubatizo, ndi azimayi achikulire amene anatsimikiza kuti mayina atatuwo ndi a munthu mmodzi.

Azimayi omwewa ndiwo anatipezera msinkhu wa agogo. Munthu wakale simumufunsa chaka, mumamufunsa chochitika. Pamene sitima ya Vipya inamira mu 1946, ija ili ndi chikumbutso pafupi ndi nsanja ya wotchi ku Boma, agogo anali ndi mwana woyamba kumsana. Pa njala ya 1949 anali akuyamwitsa wachiwiri. Tikabwerera m'mbuyo, kubadwa kwawo kukugwera m'zaka za m'ma 1920, ku Boma kukutchedwabe Fort Johnston. N'chifukwa chake pachiliza sitinalembepo tsiku lobadwa. Kulemba longopeka kukanakhala kunamiza zidzukulutudzi.

Mzere tautsata kuchikazi, chifukwa agogo aamuna anabwera ngati mkamwini, ndipo munda umene ankalima unali wa apongozi awo. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Kwathu kuno mayi aang'ono ndi mayi aakulu onse ndi amayi, choncho mukafunsa kuti "amayi ake anali ndani?" mumva mayina atatu, onse oona. Funso loyenera n'lakuti "anatuluka m'mimba mwa ndani?" Mukatero bere lalikulu ndi bere laling'ono zimalekana bwino. Chenjeraninso ndi mayina olowa: mwana wa mlongo akalowa dzina la amalume ake, anthu awiri a mibadwo yosiyana amaoneka ngati munthu mmodzi amene anakhala zaka zosaneneka. Amalume athu, eni mbumba, ndinu amene munamasula mfundo zimenezi. Zikomo kwambiri.

Zimene mwatiuza za ntchito ya agogo n'zimene zadzaza kabuku ka mbiri yawo. Amuna awo atapita ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi, munda, nkhokwe ndi ana zinatsala m'manja mwawo. Ankabzala chimanga cha makolo, mapira, nandolo, khobwe ndi maungu m'munda umodzi, pa matutu, mpaka alangizi a boma la atsamunda anayamba kukakamiza mizere, ndi chindapusa kwa okana. Mbewu ankasankha pokolola: ngala zazikulu zodzaza mpaka kunsonga ankazimanga ndi makoko ake n'kuzipachika kudenga pamwamba pa moto, kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. Khobwe wa mbewu ankamusakaniza ndi phulusa losefa mumphika, n'kumata pakamwa pake ndi dothi. Mapira akayamba kukhwima, ana ankakhala pansanja kuyambira mbandakucha kuingitsa mpheta. Pa njala ija, akuti banja linapulumukira pa nsomba zouma zosinthanitsa ndi chinangwa cha kumapiri, malambe, ndi nyika zokumba m'madambo.

Azimayi a m'mudzi ndi a gulu la amayi a kutchalitchi, inu ndiye mwatichititsa manyazi ndi khama lanu. Munakana kupita kuchigayo, munati nsima ya tsiku la agogo ikhale ya mumtondo. Atsikana ambiri anali asanaonepo ntchitoyi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, choncho tiilembe pano monga munaichitira. Chimanga amachiwaza timadzi pang'ono mumtondo kuti khungu lifewe, n'kukonola, awiri kapena atatu akulandizana misi. Madzi akachuluka chimaphwanyika, akachepa gaga sachoka. Kenaka amapeta m'lichero, gaga payekha, mphale payokha. Mphale amaiviika mumtsuko masiku awiri nyengo yotentha, atatu nyengo yozizira. Mukapitirira pamenepo ufa umanunkha, mukafulumira kuvuula susinjika. Akavuula amatsuka, kuyanika pang'ono pamphasa, kusinja, kusefa, kubwezera misere mumtondo, ndipo ufawo amauyanikanso mpaka uume gwa, apo ayi umachita nkhungu m'dengu. Munanenetsa kuti chimanga chikhale cha makolo, poti chambiri cha haibridi n'chofewa, chimangofumbutuka mumtondo ndipo chochuluka chimathera kugaga.

Ndiwo nazo zinali za nthawi yawo. Mfutso wa chitambe unachokera m'chikwatu cha mayi wina amene amafutsabe chaka ndi chaka: masamba anthete amawaphika pang'ono, kuwayanika mpaka aziphwanyika m'manja, n'kuwakulunga m'masamba ouma ndi luzi. Thelere linaphikidwa ndi chidulo chochezedwa ku phulusa la zitsononkho, osati soda wa m'sitolo. Thobwa linali la chimera cha mapira, ndipo linatha dzuwa lisanapendeke.

Abale athu achisilamu, tikuthokoza potichinjira mbuzi kuti aliyense adye mosakayika, ndiponso pobwera ndi mpunga ndi mikeka yokhalira. Asodzi amene munapereka utaka ndi kambuzi osatchula mtengo, ana a mbumba amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg amene munatumiza ndalama pafoni, ndi aphunzitsi amene munatayipa kabukuka pakompyuta, Mulungu abweze pamene mwachotsa.

Kabukuka kali ndi amalume, ndipo bere lililonse lilandira kake. Mukapeza dzina lolakwika kapena mwana wodumphidwa, kaneneni kwa iwo tisanasindikize kachiwiri. Tsamba limodzi latsala losalembedwa: mchimwene wa agogo anapita ku Halale n'kutchona komweko, ndipo za ana ake sizinamveke. Aliyense amene ali ndi abale ku Zimbabwe onena kuti kwawo n'kwa Mponda, chonde atilumikize nawo kudzera kwa amfumu. Miphika ikuluikulu, mitondo ndi mabenchi zimene tinabwereka zatsukidwa, ndipo anyamata azibweza khomo ndi khomo kuyambira Lolemba.

Ndife mbumba yonse, ana, zidzukulu ndi zidzukulutudzi.